Funsani Tiyankhe: magemu a geni ndi nkhondo za m'mlengalenga

Makalata a mwezi uno, ochokera kwa anzathu a kuno ku Johannesburg, akhudza mtundu umodzi wa magemu a pakompyuta: aja amene munthu amapatsidwa chombo ndi kampamba kochepa, n'kumayenda pakati pa nyenyezi akugula ndi kugulitsa katundu, kwinaku akulimbana ndi achifwamba. Mafunso ena tawafupikitsa.

"Mwana wanga wa zaka 15 akangoweruka kusukulu amakhalira kuyendetsa chombo pakompyuta. Ndikamufunsa amati ali pa geni. Geni yanji yopanda ndalama? Muli phindu m'zimenezi, kapena ndimulande laputopuyo?" Mayi wa ku Rosettenville

Mayi, musafulumire kumulanda. Mwa magemu onse amene mwana angatengeke nawo, awa ndi ena mwa ochepa omukakamiza kuwerengera asanachite kanthu.

Mtunduwu unatchuka ndi gemu ya Elite, imene David Braben ndi Ian Bell anatulutsa mu 1984 pa kompyuta ya BBC Micro, ali ophunzira pa yunivesite ya Cambridge. Wosewera ankayamba ndi chombo chimodzi ndi ndalama 100 za m'gemumo, popanda womuuza kolowera. Magemu a lero monga Elite Dangerous, EVE Online, X4: Foundations ndi Endless Sky akuyendabe m'mapazi omwewo.

Taonani zimene mwanayo amasinkhasinkha pa ulendo umodzi. Pulaneti la alimi limagulitsa chakudya motchipa koma limasowa makina, pamene la mafakitale lili ndi makina ambiri koma chakudya n'chodula. Tiyerekeze kuti chombo chake chimanyamula matani 20. Wapeza katundu wa 60 pa tani amene kwina akugulidwa pa 95, ndiye phindu la pakamwa ndi 700. Achotsepo za mafuta. Akumbukirenso kuti njirayo ili ndi achifwamba, ndipo akamuwombera, kukonzetsa chombo kudya gawo lina. Tsono pali njira yachiwiri ya phindu la 400 lokha, koma yotenga theka la nthawi komanso yoyenda apolisi. Amene wasewera mwezi umodzi amasankha yachiwiriyo osazengereza, chifukwa maulendo awiri amupatsa 800 chombo chili chamtunthu. Masamu amenewa ndi omwe aja amachita munthu wooda zovala ku Dragon City kuti akagulitse ku Limbe: mtengo woodera, ya transipota, msonkho wa pachipata cha Mwanza, ndi mmene kwacha yagonera ndi randi tsiku limenelo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'gemu mwana atha kugwa mpamba kakhumi, n'kumaona pamene analakwitsa, inu osataya ngakhale senti.

Amawerenganso Chingerezi chambiri, chifukwa ntchito iliyonse imabwera ndi pangano lolembedwa, lokhala ndi tsiku lomaliza ndi chilango chake akachedwa.

Tisakunamizeni, gemu sidzamuphunzitsa kulankhula ndi kasitomala kapena kulonjerera ngongole. Ndipo vuto lake lalikulu ndi nthawi, pakuti magemu awa alibe belu loweruka. Ya pa intaneti siimitsika pakati pa ulendo, choncho kumuuza kuti zimitsa pompano kumangobala mkangano. Panganani maulendo: awiri homuweki ikatha, ndipo akakocheza pa siteshoni kachiwiri azimitse. Khadi lanu la kubanki musalisiye lolembetsedwa pa akaunti yake. Tsiku lina mukhale pambali pake mumufunse kuti mpamba wake ndi zingati, wasunga zingati zapadera, nanga njira imeneyo waisankhiranji. Mayankho akewo akuuzani ngati akuphunzirapo kanthu.

"Ndili ndi laputopu yakale ya 4 GB RAM, yopanda graphics card yapadera, ndipo intaneti ndimagula ya bandulo. Ndiyambire gemu iti?" Mnyamata wa ku Yeoville

Achimwene, yambani ndi Endless Sky. Ndi yaulere, siifika 1 GB poitsitsa, ndipo ikalowa m'kompyuta sifunanso intaneti. Mumaona chombo chanu ngati muli pamwamba pake, zithunzi zake n'zopepuka, koma geni yake ndi yokwanira bwino.

Mumayamba ndi ngongole ya kubanki imene imadulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo kulumpha kamodzi kuchoka pa nyenyezi ina kupita pa ina kumawerengedwa tsiku limodzi. Zombo zoyambira zilipo zitatu: Shuttle yonyamula anthu, Star Barge yonyamula katundu, ndi Sparrow yankhondo. Woyamba kumene asatenge Sparrow, pakuti ngongole imakula iye akadaphunzira kuwombera. Tengani Shuttle. Mukatera pa pulaneti tsegulani pamene pali mndandanda wa ntchito, musankhe anthu ndi timaphukusi topita mbali imodzi ya mapu, kuti ulendo umodzi ulipire katatu kapena kanayi. Kulumpha kulikonse kumadya mafuta 100, ndiye werengani malumpho musananyamuke, muone kuti pakati pali pulaneti lothirapo. Ambiri amagwa pogula chombo chachiwiri msanga, osadziwa kuti wantchito aliyense amalandira 100 pa tsiku, kaya chombo chapanga ndalama kaya ayi. Yambani mwachepetsa ngongole yoyambayo.

Mukafuna yokhala ngati muli pa mpando wa woyendetsa, pali Oolite, nayonso yaulere, yomangidwa motsanzira Elite yakale ija. Kumeneko chovuta choyamba n'kukocheza, chifukwa siteshoni imazungulira ndipo khomo lake ndi kampata kopapatiza. Pitani kaye pa chizindikiro choyandama kutsogolo kwa khomolo, mutembenuke muliyang'ane mwachindunji, muyende pang'onopang'ono, kenako muzizungulitsa chombo molingana ndi siteshoniyo. Olowera chammbali ndi amene amaphwanyika.

X4 ndi Star Citizen zisiyeni kaye, laputopu yanuyo singazinyamule. Elite Dangerous nayo imaposa 20 GB poitsitsa, bandulo ingathere panjira. Tsiku limene mudzagule gemu pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, dziwani kuti mitengo imalembedwa m'marandi, ndipo amabweza ndalama ngati simunathe masiku 14 chigulireni komanso simunasewere maola opitirira awiri. Maola awiriwo muyesere ngati gemu ikuyenda bwino pa makina anu. Magemu okopera kwa anthu a m'misika tikukuletsani, nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi.

"Mu Elite Dangerous ndinavutika milungu itatu mpaka ndinagula Type-6, chombo chonyamula katundu. Ndinadzaza katundu ndi ndalama zonse, wachifwamba anandikoka panjira n'kundiphulitsa, ndipo gemu yandibwezera ku Sidewinder yoyambira ija. Ndinalakwitsa pati?" Bambo wa ku Turffontein

Pepani bambo, zimenezi zimapweteka, ndipo zolakwika zinalipo ziwiri.

Choyamba ndi inshuwalansi. Chombo chikaphulika, gemu imakubwezerani china chofanana nacho mukalipira 5 peresenti ya mtengo wa chombocho pamodzi ndi zipangizo zake. Type-6 yopanda kanthu imagulidwa pa ndalama zopitirira pang'ono 1 miliyoni. Mukaikamo zipangizo zabwino n'kufika 3 miliyoni, ya inshuwalansi ikhala 150,000. Nambala imeneyi imalembedwa pa gawo la kudzanja lamanja m'chombo. Gemu imabwereketsa pang'ono wosowa, koma ngongoleyo ikapanda kukwanira mumabwerera ku Sidewinder. Katundu alibe inshuwalansi m'pang'ono pomwe. Ndiye musananyamuke, m'thumba mutsale ya inshuwalansi kawiri, kuphatikizapo yoodera katundu wina. Kunyamuka ndi chombo chodzaza theka kuli bwino kusiyana n'kunyamuka thumba lili mbee.

Chachiwiri ndi mmene munachitira pokokedwa, ndiko kuti pamene wachifwamba anakutulutsani mu supercruise, ulendo wa liwiro lalikulu wa pakati pa mapulaneti a nyenyezi imodzi. Wachifwamba amayamba walankhula, uthenga wake umaoneka pakona yakumanzere, kenako amakuzungulirani kumbuyo, pakuti chipangizo chokokeracho chimagwira kuchokera kumbuyo kokha. Akakugwirani, mutha kulimbana naye potsata chizindikiro chothawira. Koma chombo cha katundu chimatembenuka mochedwa, ndipo mukalephera chimagubuduzika, chimawonongeka, injini yolumphira n'kudikira masekondi pafupifupi 40 isanayakenso. Masekondi amenewo ndiwo amapha. Mukaona kuti mukugonja, bwezani liwiro pa ziro mwadala. Mukatero injini imazizira m'masekondi pafupifupi 10 okha.

Mukangotuluka chitani izi motsatana. Mphamvu ya chombo imagawidwa timadontho 6 pakati pa SYS (chishango choteteza chombo), ENG (injini) ndi WEP (mfuti). Ikani 4 ku SYS kuti chishango chilimbe, 2 ku ENG. Kankhani boost, batani lowonjezera liwiro mwadzidzidzi. Musathawe molunjika iye ali kumbuyo kwanu, mudutseni chapafupi kuti ataye nthawi potembenuka. Sankhani nyenyezi ina yapafupi mulumphire kumeneko. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, amayesa kubwerera mu supercruise chifukwa imayaka msanga. Komatu chombo chachikulu chikakhala pafupi chimachedwetsa supercruise kwambiri, pamene kulumphira ku nyenyezi ina kumatenga masekondi 15 osasintha, kaya pafupi pali chombo chotani. Onetsetsani kuti mfuti, miyendo yoterera ndi khomo lotolera katundu n'zopinda, apo ayi injini ikana kuyaka.

Pokonza chombo chatsopano, musachotse chishango pofuna malo a matani owonjezera. Zipangizo zili ndi magiredi kuyambira A mpaka E. Injini yolumphira ikhale ya A. Zopumira mpweya ndi zounikira zikhale za D, chifukwa D ndiyo yopepuka ndipo chombo chopepuka chimalumpha patali.

Pa geni yeniyeniyo, funani njira yoti popita ndi pobwera muzikhala ndi katundu, monga amachitira matransipota a pakati pa Joni ndi kumudzi. Yang'anani kuchuluka kwa katundu amene siteshoni ikufuna, osati mtengo wokha, chifukwa mukathira wambiri pamsika wofuna pang'ono mtengo umatsika. Onaninso mtunda wa siteshoni kuchokera pa nyenyezi yake. Yotchedwa Hutton Orbital, ku Alpha Centauri, imatenga pafupifupi ola ndi theka kuti muifike, ndipo obwera kumene ambiri amalandira ntchito yopita kumeneko asanaone mtundawo. Mukadzafuna Type-7 kapena Type-9, dziwani kuti zimatera pa bwalo lalikulu lokha, limene timasiteshoni ting'onoting'ono tilibe. Kufikira mpamba utakhazikika, sewerani mu Solo, mmene simukumana ndi anthu anzanu.

"Kwathu kuno magetsi amangothima, netiweki nayo imadukaduka. Magemu a pa intanetiwa angatheke?" Wowerenga wa ku Tembisa

Atheka, mukadziwa zimene gemu iliyonse imachita mukaduka.

Uthenga wochoka ku Johannesburg kupita ku Ulaya ndi kubwerera umatenga pakati pa 160 ndi 200 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi) pa fibre yabwino, chifukwa cha kutalika kwa zingwe za pansi pa nyanja. Pa EVE Online zimenezi sizivuta kwenikweni, pakuti seva yake imawerengera zochitika kamodzi pa sekondi, ndipo simulozetsa mfuti ndi dzanja, mumangolamula chombo. Chimene chimavuta ndi kuduka. Mukaduka chombo chimayesa kuthawa chokha, koma ngati mumamenyana ndi zombo za kompyuta chimakhalabe m'mlengalenga mphindi 5, ndipo ngati mumamenyana ndi munthu, mphindi 15. Mdani atha kuchipeza n'kuchimaliza inu muli mumdima. Seva ya EVE imatsekedwanso kanthawi tsiku lililonse 1 koloko masana pa nthawi ya kuno.

Elite Dangerous imafuna intaneti ngakhale mu Solo, chifukwa mitengo ya m'misika imasungidwa pa seva. Mu Open, mmene mumakumana ndi anthu anzanu, makompyuta a osewera amalumikizana okhaokha, ndiye netiweki ya foni imavuta kukumanitsa anthu.

Chothandiza kwambiri ndi kabatire ka 12V kopatsa moto rauta ndi kabokosi ka fibre, kamene kamagwira maola angapo. Laputopu ili ndi batire lake kale. Kompyuta yapatebulo pa UPS (batire losunga moto magetsi akathima) yaing'ono ya 650VA imangokupatsani mphindi zochepa, zokwanira kukocheza ndi kuzimitsa bwino, osati kupitiriza nkhondo. Ndandanda ya kuthima kwa magetsi ikakhalapo, lekani ntchito zoopsa patatsala mphindi 20. Kumene magetsi amapita mosachenjeza, sankhani zosafuna intaneti monga X3: Terran Conflict ya 2008, kapena X4 ngati makina ali amphamvu, ndipo muzisunga gemu pafupipafupi.

"Kodi popanda joystick ndingamenye nkhondo?" Mtsikana wa ku Mayfair

Kwambiri, chemwali. Freelancer ya 2003 inapangidwa dala kuti iziyendetsedwa ndi mausi, ndipo mu Elite Dangerous akatswiri ambiri owombera amagwiritsa ntchito mausi ndi kiyibodi. Ndalama ya joystick isungeni kufikira mutatsimikiza kuti gemuyo mwaikonda.

Chopambanitsa nkhondo ndi kudziwa chombo. Mu Elite Dangerous, pa mzere wa liwiro pali kachigawo kabuluu chapakati, ndipo chombo chimatembenuka msanga liwiro likakhala pamenepo. Othamanga ndi liwiro lonse amangozungulira patali mdani ali kumsana kwawo. Mfuti za laser zimasungunula chishango koma zimatenthetsa chombo chanu, pamene multi-cannon imaboola thupi la chombo. Nyamulani zonse ziwiri: laser kufikira chishango chake chitagwa, kenako zipolopolo. Woyamba kumene atenge mfuti za gimballed, zimene zimatsata mdani pang'ono zokha, ngakhale kuti mdani akamwaza chaff, tizitsulo tosocheretsa mfuti, zimasokonezeka kwa kanthawi.

Kophunzirira ndi malo okumba miyala otchedwa Resource Extraction Site. Pewani olembedwa Hazardous, kulibe apolisi. Tsatirani apolisi, muwasiye afooketse wachifwamba, inu muwomberepo chakumapeto, mphotho mulandira. Koma dikirani chombo chanu chimalize kumuunika mpaka mawu akuti Wanted aoneke. Mukawombera asanaoneke, kapena chipolopolo chikaphonya n'kugunda wapolisi, wolakwa mukhala inu ndipo onse akutembenukirani. Mphothozo kazitengereni ku siteshoni msanga, pakuti mukaphulika musanatenge zimapita.

"Nyenyezi za m'magemuwa ndi zenizeni?" Mphunzitsi wa ku Cosmo City

Mu magemu ambiri n'zopeka, koma Elite Dangerous, imene inatuluka mu 2014, inamanga Mlalang'amba wonse pa kukula kwake kwenikweni, nyenyezi pafupifupi 400 biliyoni. Zimene akatswiri anazilemba kale zili pamalo pake, zotsalazo kompyuta inazipanga potsata malamulo a sayansi. Alpha Centauri, imene ana anu angaione ndi maso usiku pafupi ndi nyenyezi zinayi za Southern Cross, ilimo. Nsangwe ilimonso, ndipo munthu atha kuulukira kumeneko.

Aphunzitsi, chokomera kalasi ndi ichi: wosewera amakakamizika kuphunzira magulu amene nyenyezi zimagawidwamo potengera kutentha kwake, chifukwa mafuta amatungika pa magulu asanu ndi awiri okha, O, B, A, F, G, K ndi M. Wolumphira pa nyenyezi zosatungika kangapo motsatana amauma panjira. Ngozi imeneyi ndi yofala moti mu 2015 osewera anayambitsa gulu la Fuel Rats, lopititsira mafuta kwaulere aliyense wouma. Mukaphatikiza ndi ulendo wa ku planetarium (nyumba yoonetsera nyenyezi) ya pa yunivesite ya Wits ku Braamfontein, phunziro la nyenyezi lilowa bwino.

"Ndinamva kuti mu EVE Online munachitika nkhondo ya madola masauzande ambiri. Ndiye munthu angapezemo ndalama zenizeni zotumiza kumudzi?" Bambo wa ku Diepsloot

Ayi bambo, ndipo wokuuzani kuti n'zotheka mumusamale. Nkhondo mukunenayo ndi ya ku B-R5RB, mu January 2014. Inatenga maola pafupifupi 21, zombo zikuluzikulu za mtundu wa Titan zokwana 75 zinaphulika, ndipo chiwonongekocho anachiyerekeza ndi madola pafupifupi 300,000. Nambalayo inapezeka poyerekeza ndalama ya m'gemu, ISK, ndi mtengo wa PLEX, chinthu chimene munthu amagula ndi ndalama zenizeni n'kuchigulitsa m'gemu. Khomo limeneli ndi lolowera chabe. Kugulitsa ISK kuti mulandire marandi n'koletsedwa, ndipo eni gemuyi, imene kampani ya CCP ya ku Iceland inaitulutsa mu 2003, amatseka akaunti ya wogwidwa.

Ubwino wa EVE uli pena. Pafupifupi chombo chilichonse ndi chipolopolo chilichonse chimapangidwa ndi osewera, kuchokera ku miyala imene osewera ena anakumba, ndipo mitengo amaika ndi anthu. Msika wake unakula moti mu 2007 kampaniyo inalemba ntchito katswiri wa zachuma, Eyjólfur Guðmundsson, kuti aziulondoloza. Ife tikuona kuti palibe gemu ina yoonetsa bwino chonchi mmene msika umayendera, ndipo kuyambira 2016 mutha kuyamba kwaulere ndi akaunti ya Alpha.

Mukalowa, malizani kaye ntchito za aphunzitsi otchedwa career agents, akupatsani zombo zingapo zaulere kuphatikizapo Venture yokumbira miyala. Msika waukulu uli ku Jita. Kumeneko ena sachoka n'komwe pa siteshoni: amaika oda yogula pamtengo wotsika, katundu akabwera amaika oda yogulitsa pamtengo wokwera. Chimene chimagwetsa atsopano ndi ya broker, ndalama yolipira poika oda, imene imadulidwa pa oda iliyonse, ndi msonkho wogulitsira. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo kukachepa kuposa zodulidwazo, mumagulitsa tsiku lonse mpamba ukutsika. Werengerani zodulidwa musanaike oda, ndipo sankhani katundu woyenda tsiku lililonse.

Dziwaninso kuti chinyengo cha m'gemu n'chololedwa. Wolemba kuti mutumizireni ISK akubwezerani kawiri ndi wakuba, ndipo palibe kokadandaula. Pangano lililonse liwerengeni mpaka pansi, muwerenge maziro a mtengo. Dera lililonse lili ndi nambala ya chitetezo: kuyambira 0.5 mpaka 1.0 kuli apolisi a CONCORD, kutsika pamenepo kulibe. Apolisiwo amalanga wowombera koma samuletsa kuwombera, choncho magulu ena amaunika katundu wanu pachipata, ndipo akaona kuti ndi wodula kuposa zombo zimene ataye, amakuphulitsani mnzawo n'kutola zotsala. Katundu wodula mugaweni maulendo angapo, musagwiritse autopilot chifukwa imakuimitsani patali ndi chipata n'kumayenda pang'onopang'ono poonekera, ndipo m'chombocho muikemo zolimbitsa thupi lake m'malo modzaza zokuzira malo a katundu.